Mganda wa ku Mbamba Bay: gule amene nkhondo inatisiyira



Mu 1925, pamene Josephine Baker ankagwedeza mzinda wa Paris ndi mavinidwe ake, jazi ili pakamwa pa aliyense, m'mbali mwa nyanja yathu namonso munali gule watsopano wokopa anyamata. Ku Mbamba Bay ndi ku Liuli, m'boma la Nyasa ku Tanzania, amamutcha mganda. Ku Nkhata Bay ndi ku Likoma ambiri amati malipenga.

Kholo lake ndi beni, gule wa ku Lamu ndi Mombasa wa m'ma 1890, amene ankatengera magulu oimba a asilikali. M'matauni a German East Africa munali magulu awiri olimbirana, Marini ndi Arinoti. Chimene chinamufalitsa kuno ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Nkhondoyo inafika panyanja mu Ogasiti 1914, pamene sitima ya Angerezi, Gwendolen, inawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ku Liuli komweko, kumene Ajeremani ankakutcha Sphinxhafen. Amuna ambiri anatengedwa, ena usilikali, ena utengatenga. Amene anabwerera amoyo anabwera ndi perete m'miyendo.

Wovina wa nthawiyo ankakwera maudindo ngati msilikali. Gulu lake linkatchedwa boma, ndipo linali ndi mfumu yake ndi akuluakulu ake. Lipenga lamkuwa kunalibe, choncho ankaboola chikho n'kumatapo kansalu ka kangaude kuti chizilira akaimbiramo. Malaya oyera, kabudula wosita ndi sokosi zinali ulemu wa munthu, ndipo ambiri ankazigula ndi thukuta la ku migodi. Boma lina likaitana linzake, mudzi wonse unkaphika, chifukwa kugonja pa bwalo kunali manyazi a onse. Amayi nawo anali ndi chioda chawo.

Ena amati uku kunali kungotsanzira azungu. Terence Ranger, m'buku lake la 1975 lonena za beni, anaonetsa kuti gule ameneyu anazika mizu m'mipikisano yakale ya anthu a kuno, ndipo ovina ankadzipangira okha maudindo amene atsamunda ankawamana. J. Clyde Mitchell anafotokoza m'bale wake, kalela, mu 1956, atamuona ku Luanshya.

Tikamalimbirana kuti mwini gule ndani, Mtonga kapena Mnyasa wa ku Tanzania, tikumbukire kuti anayenda pa bwato ndi pa sitima, osafunsa malire. Za Josephine Baker zili m'mabuku ndi m'mafilimu, pamene mbiri ya mafumu a maboma athu ili m'mitu ya agogo amene akutha. Amene muli ndi nkhalamba inavinapo, ku Mbamba Bay, ku Cobue kapena ku Chintheche, ifunseni dzina la boma lake, amene anaiphunzitsa ndi nyimbo zimene ankaimba. Mulembe, mutitumizire kuno.