Thirakitala yaing'ono (kasamalidwe ndi zovuta zake)

Thirakitala yaing'ono ndi makina a injini yochepa mphamvu omwe amagwira ntchito zopepuka za m'munda ndi pabwalo. Ilipo ya matayala anayi yomwe munthu amakwera potchetcha kapinga, ndipo kawirikawiri imayendera petulo. Ilipo ina ya matayala awiri yoyendera dizilo, yomwe ambiri amangoitchula kuti power tiller. M'boma la Phalombe, lomwe linapatulidwa ku boma la Mulanje m'chaka cha 1998, yotchetchera kapinga sioneka kawirikawiri chifukwa anthu amatchetcha ndi chikwakwa. Ya matayala awiri ndi imene ili ndi ntchito kwa mlimi, makamaka pogaula minda ya mpunga m'madambo oyandikira nyanja ya Chilwa. Mitundu yonseyi imafa ndi zinthu zofanana: fumbi, mafuta akuda ndi oyilo wokhalitsa.

Fumbi ndi mafuta

Nthawi yokonza minda, mu September ndi October, ndi nthawinso ya fumbi. Fyuluta ya mpweya ikadzadza, injini imatsamwa, imadya mafuta ambiri ndipo imatulutsa utsi wakuda. Ena amaichotsa kuti makina "apume", koma apo fumbi limalowa mu silinda n'kupala maringi a pisitoni. Fyuluta ya pepala sichapidwa. Ya oyilo imatsukidwa n'kuthiramo oyilo watsopano.

Mafuta ogula m'zigubu nthawi zina amakhala ndi madzi kapena mchenga, motero ndi bwino kuwasefa pothira. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ntchito yomwe inayamba ku Dwangwa m'chaka cha 1982. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo petulo akakhala miyezi mu kabyuleta amasiya zomatamata zotseka timabowo. Pa chifukwachi makina oti akhala osagwira ntchito amayenera kutsanulidwa petulo yense.

Oyilo amayezedwa m'mawa uliwonse, makina ataima pamalo osatsetsereka. Pa injini zazing'ono za petulo, opanga ambiri amati asinthidwe pakatha maola 50 a ntchito, koma buku la makinawo ndi limene lili ndi mawu omaliza.

Injini ikakana kulira

Pa thirakitala yokwera, vuto nthawi zambiri silikhala mu injini. Ili ndi maswichi achitetezo omwe amaletsa kulira ngati woyendetsa sanaponde buleki kapena ngati mipeni yotchetchera ili yolumikiza, ndipo ina imazima munthu akangodzuka pampando. Ikangomveka "thi, thi" osazungulira, poyamba kuyang'ana ndi batire. Batire ya mavoti 12 yodzadza bwino imaonetsa pafupifupi 12.6, ndipo mitu yake yachita dzimbiri imapalidwa. Ikamazungulira koma osagwira, kotsala ndi pulagi ndi njira ya petulo.

Ya dizilo ilibe pulagi. Thanki ikauma, mpweya umalowa m'mapaipi ndipo injini silira ngakhale mafuta athiridwe. Makaniko amamasula kaboti ka pa fyuluta kapena pa pampu mpaka dizilo atuluke wopanda thovu. Injini zambiri za silinda imodzi n'zofanana ndi za zigayo za dizilo, choncho wokonza chigayo amatha kuzidziwa.

Utsi umaulula zambiri. Wabuluu umasonyeza kuti injini ikuwotcha oyilo. Woyera wosatha ngakhale injini yatentha umaloza ku madzi kapena mafuta osapsa bwino.

Nyengo ya mvula

Dothi la makande la m'chigwa cha Phalombe limamata kwambiri likanyowa ndipo limauma ngati mwala. Likasiyidwa pa mipeni, malamba ndi maberingi, limayambitsa dzimbiri, motero makina amatsukidwa tsiku lomwelo n'kupakidwa gilizi. Bomali limavutikanso ndi kusefukira kwa madzi, monga zinachitikira ndi namondwe Freddy mu March 2023. Injini yomwe yamira sayenera kuilizitsa. Madzi sapanikizika ngati mpweya, ndipo akakhala mu silinda amatha kupinda chitsulo cholumikiza pisitoni. Amayamba achotsa pulagi kapena injekita, kutulutsa madzi onse, kenako kusintha oyilo, mafuta ndi mafyuluta.