Mtsinje wa Revubwe ndi malire amene madzi analemba

Mtsinje wa Revubwe umayambira kumapiri a Angonia, n'kutsetsereka chakumwera mpaka kukathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete, ndipo m'njiramo umalandira madzi a mitsinje ing'onoing'ono yochokera ku Tsangano ndi ku Macanga, kuphatikizapo Nkondedzi. Dera lonse limene mvula yake imathera mu mtsinje umodzi ndilo limatchedwa chigwa cha mtsinjewo, ndipo chigwa cha Revubwe chimalekezera kum'mawa pamsana wa mapiri a Kirk, pamene madzi amagawikana: ena amalowera ku Shire ndi kunyanja ya Malawi, ena ku Revubwe.

Msana umenewu ndiwo Angerezi ndi Apwitikizi anausankha kukhala malire pa pangano lawo la 1891. Papepala zinaoneka zanzeru, popeza phiri silisuntha, koma mzerewo unadutsa pakati pa anthu a chilankhulo chimodzi, Achewa ndi Angoni a Maseko amene anali atakhazikika kuphiri la Domwe, kotero kuti mpaka lero msewu wa pakati pa Dedza ndi Ntcheu umayenda m'malire enieniwo, ndipo mbatatesi ndi kabichi zolimidwa kumtunda kozizira kwa Tsangano zimaunjikidwa m'mbali mwa msewuwo kudikira ogula a ku Malawi.

Kumadzulo, mbiri inayenda mwina. Golide wopezeka m'mitsinje ya kumpoto kwa Tete anakopa Gonçalo Caetano Pereira, wochokera ku Goa, m'zaka za m'ma 1700, ndipo mbumba yake inakhazikitsa ufumu wa Makanga m'dziko limene kale linali m'manja mwa mfumu Undi. Ufumuwo unalemera ndi minyanga ndi akapolo, unalimbana ndi Apwitikizi kwa zaka zambiri, mpaka unagwa mu 1902 pamene mfumu yake Chinsinga anagonjetsedwa.

Kumunsi, mtsinjewu umadutsa m'dera la malasha la Moatize, kumene migodi ikuluikulu inayamba kukumbidwa mu 2011. Komabe zimene zimachitika kumeneko zimayambira kumtunda, chifukwa mitengo ikatha m'mapiri ndipo minda ikafika m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje, madzi a mvula satsikanso pang'onopang'ono. Mu Januwale 2022, namondwe wa Ana atagwetsa chimvula m'chigwachi, Revubwe anasefukira n'kugumula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize, pamsewu umene magalimoto a katundu opita ku Malawi kudzera pa Zobue amadalira.