Matchalitchi awiri a ku Jamestown

Ku Jamestown, m'chigawo cha Virginia ku America, kuli matchalitchi awiri amene ndikufuna tiwaone limodzi. China chili ku Jamestown Settlement, malo oonetsera moyo wamakedzana amene anatsegulidwa mu 1957 pokumbukira kuti patha zaka 350 chifikireni Angerezi mu 1607. Kumeneko antchito amavala ngati anthu a nthawi imeneyo, uyu akusula chitsulo, uyo akuomba mfuti, ndipo m'kati mwa linga muli tchalitchi chomangidwa motsanzira: mitengo, dothi lomata, denga lofolera. Mukachiona pachithunzi mungayese ndi chija cha kumudzi timafolera mvula ikayandikira. Alendo amakhala pabenchi, kujambulitsa, basi ulendo.

Chimene chimandivuta ine ndi bata limenelo. Malamulo a m'lingamo, a pakati pa 1610 ndi 1612, ankati wojomba mapemphero a Lamulungu koyamba amanidwe chakudya sabata yathunthu, kachiwiri akwapulidwe, kachitatu aphedwe. Benchi kalipentala atha kupala yatsopano. Nanga mantha a munthu wanjala amene akuthamangira belu, angawapale ndani?

Tchalitchi chinacho, chenichenicho, chinamangidwa mu 1608 pachilumba chapafupi pomwepo. Ofukula zakale anachipeza mu 2010, ndipo chimene chinatsala ndi maenje a nsanamira basi, osonyeza nyumba ya mafiti 64 m'litali ndi 24 m'lifupi. Ndi m'menemu Pocahontas anakwatiwa ndi John Rolfe mu April 1614. Tisaiwale, abale, kuti mkwatibwiyu Angerezi anachita kumugwira chaka cha 1613, n'kumubatiza dzina loti Rebecca.

Tsono mu 2013 anafukula manda anayi m'kati mwa tchalitchicho, chakutsogolo. Amodzi mwa mandawo ndi a Gabriel Archer, amene anafa pa njala yoopsa ya 1609 mpaka 1610. Pamwamba pa bokosi lake panali kabokosi ka siliva kolembedwa chilembo M. Sanakatsegule ayi; anakaunika ndi makina, n'kuona tizidutswa ta mafupa m'kati, ngati tija Akatolika amasunga pokumbukira oyera mtima. M'tchalitchi cha Anglican, pa nthawi imene Chikatolika chinali mlandu ku England!

Akatswiri ena akuti Archer anali Mkatolika wamseri, ena akuti mwina Aanglican omwewo ankakasunga ngati chopatulika cha mpingo wawo watsopano. Chodziwika n'chakuti makolo ake a Archer, kwawo ku Essex, analipitsidwapo chindapusa chifukwa chokana kupita ku mapemphero a mpingo wa boma.