Gule wa Kabuki ndi Mchenga wa Mtsinje wa Kamo

Mlendo akafika mumzinda wa Kyoto ku Japan nafunsa komwe angaonere gule wa makolo wotchedwa kabuki, eni dera amamlozera ku Minami-za, nyumba ya zisudzo yomwe ili pa mlatho wa Shijo, m'mphepete mwa mtsinje wa Kamo. Chaka chikamatha, kukhomo kwake amapachika matabwa olembedwa maina a akatswiri ovina, ndipo anthu amakhamukirako. Ku Tokyo nako kuli Kabuki-za, yotsegulidwa mu 1889, komwe wochepa ndalama angalipire chigawo chimodzi chokha cha sewero. Koma ife tikhale ku Kyoto, pakuti ndiko kunabadwira guleyu.

Cha m'ma 1603, mai wina dzina lake Izumo no Okuni anayamba kuvina pamchenga wa mtsinjewu atavala ngati mwamuna. Zithunzi zina zakale zimamuonetsa ali ndi korona kapena mtanda m'khosi. Tisafulumire kumutcha Mkhristu. Masiku amenewo zinthu za Apwitikizi zinali zongotchenera kwa ambiri.

Chizindikiro chomwe chinakometsa wovinayo, kwa ena chinasanduka mlandu wa imfa. Mu 1614 boma la Tokugawa linaletsa Chikhristu m'dziko lonse, ndipo mu October 1619, chakumunsi pang'ono kwa mtsinje womwewo, Akhristu 52 anatenthedwa amoyo. Pakati pao panali Thecla Hashimoto, mai woyembekezera, pamodzi ndi ana ake asanu.

Nawonso gule sanasiyidwe pamtendere. Mu 1629 boma linaletsa akazi kuvina, ponena kuti akuononga makhalidwe. Mu 1652 linaletsanso anyamata. Tsono amuna akuluakulu anatenga malo a akazi, ndipo luso limeneli, lotchedwa onnagata, ndilo likudabwitsa oonerera mpaka lero. Gule anaweramira lamulo, napulumuka poyera. Akhristu analibe njira yotere, poti chikhulupiriro sichisinthidwa ngati chovala. Otsalawo anabisala zaka zoposa 200, kufikira ena anadziulula kwa Bambo Petitjean ku Nagasaki mu 1865.

Mu 2008 Eklezia anatchula amaritiri a ku Kyoto kuti ndi Odala, ndipo chaka chomwecho UNESCO inalemba kabuki m'kaundula wa chuma cha mitundu yonse. Pafupi ndi Minami-za pali chiboliboli cha Okuni. Tikatsata mtsinje chakummwera tipeza mwala wokumbutsa amaritiri aja, pafupi ndi mlatho wa Shomen, ndipo ambiri amaudutsa osauona.