Amaritiri a ku Uganda

Amaritiri a ku Uganda ndi Akhristu 45 amene anaphedwa mu ufumu wa Buganda pakati pa 1885 ndi 1887 chifukwa chokana kutaya chikhulupiriro chawo. Mwa iwo, 22 anali Akatolika ndipo 23 anali a Anglikani. Ambiri anali anyamata otumikira kunyumba ya mfumu, Kabaka Mwanga II. Pa 3 Juni 1886 gulu lalikulu linakulungidwa m'mphasa za bango n'kutenthedwa ku Namugongo, likupemphera, podalira lonjezo la kuuka kwa akufa. Mtsogoleri wa Akatolikawo anali Charles Lwanga. Wamng'ono kwambiri anali Kizito, wa zaka pafupifupi 14. M'malo mozilala, mpingo unakulirakulira. Papa Paul VI anawaika Akatolikawo m'gulu la oyera mu 1964. Amakumbukiridwa pa 3 Juni chaka chilichonse.