Digiri ya Kayendetsedwe ka Mahotela ku America: Malipiro ndi Ngongole ya Maphunziro

Digiri ya kayendetsedwe ka mahotela ndi maphunziro a zaka zinayi okonzekeretsa munthu kuyang'anira mahotela, malo odyera ndi misonkhano ikuluikulu. Ophunzira amazama pa kawerengedwe ka chuma, kutsatsa malonda, malamulo a ntchito ndi kasamalidwe ka alendo, ndipo ambiri amakhala miyezi ingapo akuphunzira ntchito m'hotela. Sukulu ya mahotela ya ku Lausanne, m'dziko la Switzerland, inatsegulidwa mu 1893, pamene ku America yunivesite ya Cornell inayamba maphunzirowa mu 1922.

Ku America ophunzira ambiri amalipira fizi ndi ndalama zobwereka. Pofika chaka cha 2024, anthu oposa 40 miliyoni anali ndi ngongole ya maphunziro ku boma, yoposa madola 1.6 thililiyoni. N'chifukwa chake mabanja amayamba ayerekeza ngongole ndi malipiro mwana asanalembetse.

Kukula kwa ngongole

M'chaka cha maphunziro cha 2024 mpaka 2025, wophunzira wodalira makolo ankaloledwa kubwereka ku boma madola 5,500 m'chaka choyamba, 6,500 m'chachiwiri, ndi 7,500 m'chaka chilichonse mwa ziwiri zotsiriza. Zonse pamodzi ndi madola 27,000. Chiwongoladzanja cha ngongole zatsopano chaka chimenecho chinali 6.53 peresenti. Pa mlingo umenewu, wobweza madola 27,000 m'zaka 10 amapereka pafupifupi madola 307 pamwezi, ndipo pomaliza amakhala atapereka pafupifupi madola 37,000.

Fizi ikaposa zimene boma limabwereketsa, mabanja ena amapita kumabanki, kumene nthawi zambiri pamafunika wachibale wosainira kuti adzabweza ngati wophunzirayo alephera. Malamulo a dzikolo salola kuti ngongole ya maphunziro ifafanizidwe mosavuta, ngakhale munthu atakaonekera kukhoti kuti chuma chamuthera.

Malipiro ake

Nthambi ya boma yosonkhanitsa ziwerengero za ntchito, ya Bureau of Labor Statistics, inapeza kuti mu May 2023 malipiro apakati a mamanijala a mahotela anali pafupifupi madola 65,000 pachaka. Izi zikutanthauza kuti theka la mamanijalawo linkalandira zoposa apo, theka linalo zocheperapo. Koma chiwerengerochi chikuphatikiza anthu amene akhala pantchito zaka zambiri. Wongomaliza kumene amayambira pansi, monga kuyang'anira polandirira alendo kapena oyeretsa zipinda, ndipo amagwira usiku, Loweruka, Lamlungu ndi masiku atchuthi. Ngongole imayamba kubwezedwa pakangopita miyezi isanu ndi umodzi munthu atachoka pasukulu, nthawi imene malipiro amakhala adakali otsika.

Ntchito ya mahotela imagwedezekanso msanga chuma chikasokonekera. Mu April 2020, mliri wa Covid-19 utavuta, ntchito zoposa 7 miliyoni zinatha m'mahotela, m'malo odyera ndi m'malo achisangalalo ku America m'mwezi umodzi wokha.

Kayerekezedwe kake

Alangizi a zachuma amakonda kunena kuti ngongole yonse isapose malipiro a chaka choyamba pantchito. Wobwereka madola 27,000 n'kuyamba ntchito ya madola 40,000 pachaka amapereka pafupifupi 9 peresenti ya malipiro ake, msonkho usanachotsedwe. Wobwereka kuwirikiza katatu pa ntchito yomweyo amapereka zoposa gawo limodzi mwa magawo anayi, lendi ndi chakudya zisanawerengedwe.

Pali mtengo winanso wosaonekera pa pepala la fizi, womwe ndi malipiro a zaka zinayi amene wophunzira amataya pokhala m'kalasi. Mamanijala ambiri a mahotela ang'onoang'ono anakwera pang'onopang'ono opanda digiri. Komabe mahotela akuluakulu kawirikawiri amafuna digiri kwa olowa maudindo apamwamba, ndipo apa ndi pamene pepalali limabweza mtengo wake.

Kuyambira mu 2019, tsamba la boma la College Scorecard lakhala likuonetsa ngongole ndi malipiro a omaliza maphunziro osiyanasiyana pa sukulu iliyonse. Ziwerengerozi zimasiyana kwambiri pakati pa sukulu, ngakhale dzina la digiri lili limodzi. Njira yotsikirapo mtengo ndi kuyamba zaka ziwiri pa koleji ya m'dera, kenako n'kukamalizira kuyunivesite ya boma.

Ophunzira ochokera m'maiko a kuno kum'mwera kwa Africa ayenera kudziwa kuti ngongole za boma la America siziperekedwa kwa olowa m'dzikolo pa viza ya sukulu. Iwo amadalira thandizo la yunivesite, ndalama za banja kapena ngongole ya banki. Wobwerera kwawo amalandira makwacha kapena marandi, koma ngongoleyo amaibweza m'madola, ndipo ndalama ya kwawo ikatsika mphamvu, mtolowo umalemera.