Mabaji Akale a Luso a Masikauti a ku America

Baji ya luso ndi kansalu kopetedwa kamene mwana wa sikauti amalandira akakwaniritsa zonse zofunika pa phunziro linalake, monga kusambira, kuphika kapena chithandizo choyamba. Mabaji amene osonkhanitsa amawatsata kwambiri ndi a bungwe la Boy Scouts of America, limene linakhazikitsidwa pa 8 February 1910 ndipo kuyambira mu 2025 likutchedwa Scouting America. Buku la malangizo la 1911 linali ndi mabaji 57, pomwe lero alipo oposa 130. M'kati mwa zaka zonsezi ena anasinthidwa mayina, ena anaphatikizidwa, ena anathetsedwa. Poyamba ankawasokerera pa mkono wa malaya, ndipo lamba wansalu wokoleka paphewa anabwera mu 1924.

Kudziwa zaka za baji

Chithunzi cha pa baji sichinena zambiri za zaka zake, chifukwa chithunzi chimodzi chinkatha kugwiritsidwa ntchito kwa zaka makumi angapo. Wodziwa amayang'ana nsalu, m'mphepete ndi kumbuyo. Potengera zitatuzi, osonkhanitsa anagawa mabaji m'magulu otchedwa ndi zilembo.

Gulu A ndi la mabaji a 1911 mpaka 1933. Ankapetedwa pa nsalu yaitali ya kaki, kenako n'kudulidwa m'tizidutswa ta makona anayi. Wosoka kunyumba ankasankha yekha kaya kukasiya choncho, kaya kupinda makona, kaya kudula mozungulira. Lero baji imene sinadulidwe imagulidwa modula kuposa yodulidwa. Ndiye kuti mayi amene anasoka mwaudongo, n'kuchepetsa nsalu yotsala, anaitsitsa mtengo baji ya mwana wake osadziwa.

Kuyambira mu 1934 mafakitale anayamba kupinda okha m'mphepete kuti baji ifike ili yozungulira kale. Gulu B, la 1934 ndi 1935, lili ndi mpendero waukulu, ndipo popeza linakhala zaka ziwiri zokha ndi losowa. Gulu C, la 1936 mpaka 1946, lili ndi mpendero waung'ono. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inasiya chizindikiro chake pa tinsalu timeneti: ulusi wa silika unasowa n'kulowedwa m'malo ndi wathonje, ndipo mabaji ena, a gulu D, anapetedwa pa nsalu yopyapyala chifukwa yolimba ija inkapita ku mayunifomu a asilikali. Gulu E, la 1947 mpaka 1960, nsalu yake ndi kaki yobiriwirako. Mu 1961 kupinda kunatha ndipo m'mphepete munayamba kukulungidwa ndi ulusi. Kuyambira mu 1972 kumbuyo kwa baji kunkamatidwa pulasitiki. Choncho munthu akangoitembenuza baji n'kuona pulasitiki, amadziwiratu kuti si yakale kwenikweni.

Baji ya ubale wa mayiko

Mu 1952 bungweli linayambitsa baji ya World Brotherhood, yophunzitsa ubale wa anthu a mayiko osiyanasiyana. Nthawiyo nkhondo inali itangotha zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndipo bungwe la United Nations linali lakhanda. Koma ganizo lake linali lakale. Robert Baden-Powell, amene anayambitsa usikauti ku Britain, ankaphunzitsa kuti sikauti ndi mbale wa sikauti mnzake wa dziko lililonse, ndipo msonkhano woyamba wa masikauti a dziko lonse, wotchedwa jamboree, unachitikira ku Olympia mu mzinda wa London mu 1920.

Bajiyi inakhala zaka 20. Mu 1972 inalowedwa m'malo ndi Citizenship in the World, imene lero ili m'gulu la mabaji okakamizidwa kwa aliyense wofuna udindo wapamwamba wa usikauti wotchedwa Eagle. Kusintha kwa dzinaku sikochepa: mawu oti ubale anachoka, n'kubwera oti unzika, ndipo phunzirolo linatsamira ku kayendetsedwe ka maboma ndi mabungwe a mayiko. Kwa wosonkhanitsa, World Brotherhood ndi poyambira pabwino. Si yosowa kwambiri, komanso zaka zake zinadutsa pa nthawi imene mpendero wopinda unasiyidwa, kotero kuti baji imodzimodziyo imapezeka m'magulu angapo. Kuziika pamodzi kumaphunzitsa maso msanga kuposa kuwerenga.

Zosowa kwambiri

Baji imakwera mtengo ngati anailandira anali ochepa kapena ngati inakhala nthawi yochepa. Yotchuka pa zonse ndi ya Invention, ya 1911 mpaka 1915, imene inkafuna kuti mnyamata apange chipangizo chatsopano n'kuchilembetsa ku boma ngati chakechake. Anailandira ndi anyamata khumi okha. Ina ndi ya Insect Life ya mu 1923, imene inapetedwa kangaude. Kangaude ali ndi miyendo isanu ndi itatu, pomwe tizilombo ta phunzirolo tili ndi isanu ndi umodzi. Chithunzicho chinasinthidwa pasanapite nthawi, ndipo cholakwikacho ndicho chikufunidwa lero. Palinso mabaji a zandege a m'zaka za nkhondo amene anapetedwa pa nsalu ya buluu. Mu 2010, pokumbukira zaka 100 chikhazikitsidwire, bungwe la Boy Scouts of America linabwezeretsa kwa chaka chimodzi mabaji anayi akale: Carpentry, Pathfinding, Signaling ndi Tracking.

Kusinthana ndi kusunga

Masikauti amasinthana mabaji pa misonkhano yawo, ndipo mwambo wake ndi woti imodzi isinthidwe ndi imodzi, ana ndi ana anzawo, akulu ndi akulu anzawo. Misika ya osonkhanitsa imatchedwa trade-o-ree, ngakhale malonda ambiri tsopano amachitikira pa intaneti. Bungwe la International Scouting Collectors Association limagwirizanitsa ambiri mwa iwo.

Mabaji abodza alipo, makamaka a gulu A. Osonkhanitsa amaunika kalukidwe ka nsalu ndi ulusi wa kumbuyo, ndipo ena amagwiritsa ntchito nyale ya ultraviolet chifukwa ulusi wamakono umawala mosiyana ndi wakale. Dzuwa limafwifwitsa mitundu, chinyontho chimabweretsa nkhungu, ndipo guluu ndi mapini achitsulo zimasiya mabanga osachoka.

Mkangano umene sutha ndi wa malamba athunthu. Ogulitsa ena amasomola mabaji pa lamba wakale kuti agulitse imodziimodzi, popeza ndalama zimachuluka motero. Koma lamba wosasomola amaonetsa zimene mnyamata mmodzi anaphunzira ndi ndondomeko imene anazisokera, makamaka ngati timakhadi tosainidwa ndi alangizi ake tilipobe. Mabaji 21 a Arthur Eldred, amene anakhala Eagle woyamba mu 1912, ali ndi tanthauzo chifukwa amadziwika mwini wake. Katundu wambiri wa mbiri ya Boy Scouts of America amasungidwa ku National Scouting Museum, imene inasamukira ku Philmont Scout Ranch ku New Mexico mu 2018.